Hans Boman, katswiri amene adapeza chitetezo chobisika m'magazi a ntchentche ndi agulugufe

Ntchentche imatera pa ndowe, pa chilonda ndi pa nyama yowola, kenaka n'kuuluka ili bwinobwino kukatera pa mbale ya nsima. Munthu amene wadya nsimayo angathe kutsekula m'mimba mawa lake, koma ntchentcheyo imangopitiriza ulendo wake. Anthu akhala akuziona zimenezi kuyambira makedzana, ndipo ambiri adangoti ndi mmene idalengedwera. Mmodzi mwa anthu ochepa amene sadakhutire ndi yankho lotere adali Hans Gustaf Boman, katswiri wa sayansi ya majeremusi wa m'dziko la Sweden, yemwe adabadwa pa 16 Ogasiti 1924 ndi kumwalira pa 3 Disembala 2008.

Boman ndi anzake ndi amene adayamba kupatula ndi kufotokoza kapangidwe ka timapuloteni topha mabakiteriya timene timapezeka m'magazi a tizilombo. Ntchito imeneyi, yomwe idayambira pa tintchentche tija timaunjikana pa nthochi zowola, idathandiza kusonyeza kuti zamoyo zambiri, munthu yemwe, zimabadwa ndi mankhwala akeake othana ndi majeremusi, ndipo mankhwalawo amayamba kugwira ntchito chitetezo chija chimene katemera amaphunzitsa chisadadzuke n'komwe. Ngakhale zili choncho, dzina la Boman silimveka kwenikweni kunja kwa malabotale.

Tigwirizane kaye pa mawu. M'Chichewa liwu loti kachilombo limasenza katundu wambiri: ntchentche ndi kachilombo, njuchi ndi kachilombo, komanso chimene chimayambitsa kolera nacho timati kachilombo. M'mbiri ya Boman mbali ziwirizi zili pa nkhondo, choncho tikamati tizilombo tikunena tija ta miyendo isanu ndi umodzi, pamene toyambitsa matenda tizititchula kuti mabakiteriya kapena majeremusi.

Kuchokera ku Uppsala kukafika ku Umeå

Boman sadayambe ngati katswiri wa tizilombo. Adaphunzira pa yunivesite ya Uppsala pansi pa Arne Tiselius, amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1948 chifukwa cha njira zimene adatulukira zolekanitsira mapuloteni osakanikirana. Ntchito yotereyi ingafanizidwe ndi kupeta, pamene mayi amalekanitsa mphale, gaga ndi timiyala ndi lichero limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti zimene Tiselius ankapeta sizioneka ndi maso. Boman adalandira digiri ya udokotala wa sayansi mu 1958, ndipo adapita ku New York kukagwira ntchito pa Rockefeller Institute ndi Fritz Lipmann, katswiri winanso wa Nobel, pa nkhani ya momwe selo limapangira mapuloteni.

Mu 1966 adasankhidwa kukhala pulofesa pa yunivesite ya Umeå, kumpoto kwa Sweden, yomwe inali itangotsegulidwa chaka chimodzi m'mbuyomo. Kumeneko dzuwa la mwezi wa Disembala limaoneka maola ochepa chabe. Boman adakhazikitsa nthambi ya maphunziro a majeremusi, ndipo kafukufuku wake adali wofuna kudziwa momwe bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa Escherichia coli amapimira ku mankhwala a mtundu wa penicillin. Gulu lake lidafufuza majini amene amachititsa bakiteriyayu kupanga chinthu chophwanya mankhwalawo. Inali ntchito yolemekezeka, ndipo akadatha kukalamba nayo popanda womufunsa. Koma akuyandikira zaka 50, adatembenukira ku funso limene akatswiri a chitetezo cha m'thupi a nthawiyo sankaliwerengera.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kunena za chitetezo cha m'thupi kunali kunena za ma antibody ndi maselo oyera a magazi otchedwa lymphocyte. Amenewa amaphunzira nkhope ya mdani, amaisunga, ndipo mdaniyo akabweranso amamuzindikira msanga. Katemera amadalira luso limeneli. Vuto n'lakuti tizilombo tilibe ma antibody ngakhale ma lymphocyte. Komabe takhala pa dziko zaka pafupifupi 400 miliyoni, mitundu yake yolembedwa kale ndi pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo tambiri timaswana m'malo odzaza mabakiteriya. Chilipo chimene chimatiteteza. Akatswiri ena akale, monga Serge Metalnikov amene ankagwira ntchito pa Institut Pasteur mumzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1920, adaona kuti mbozi ikabayidwa mabakiteriya ofooka imapirira mabakiteriya oopsa pambuyo pake. Chimene chinkachititsa zimenezi sadathe kuchigwira, pakuti zipangizo za nthawi yawo zinali zoperewera.

Ku Umeå kunali katswiri wa za majini, Bertil Rasmuson, amene ankaweta tintchentche ta pa zipatso totchedwa Drosophila. Boman, Rasmuson ndi Ingrid Nilsson adayamba kubaya tintchentcheti jakisoni wa mabakiteriya. Toyamba adatibaya bakiteriya wosaopsa kwenikweni wotchedwa Enterobacter cloacae, ndipo patapita nthawi adatibayanso wina wakupha, Pseudomonas aeruginosa. Tintchentche tolandira jakisoni woyamba uja tidapirira, pamene tosalandira tidafa. Luso limene Boman adalipeza pa kafukufuku wa penicillin lidagwira ntchito pano: adagwiritsa ntchito mabakiteriya opima ku mankhwala osiyanasiyana, kotero kuti ankatha kuwerenga mtundu uliwonse pawokha ngakhale itasakanikirana m'thupi la kantchentche kamodzi. Zotsatira zidasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1972. Mfundo zake zinali ziwiri. Chitetezochi chimachita kudzutsidwa ndi kubwera kwa mdani, ndipo sichisankha nkhope: bakiteriya mmodzi amadzutsa chitetezo chimene chimaphanso mitundu ina.

Mbozi yogona m'chikwa

Kudziwa kuti chinthu chilipo ndi kuchigwira m'manja ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kantchentche ka pa zipatso n'kakang'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo magazi ake sakwana n'kadontho komwe. Boman adafunikira kachilombo ka magazi ambiri. Adakapeza mwa gulugufe wa usiku wa ku North America wotchedwa Hyalophora cecropia, amene mapiko ake akatambasuka amafika masentimita 15. Gulugufeyu ndi wa banja limodzi ndi uja amene mbozi zake zimadya masamba a tsanya, zomwe ku Zimbabwe amati madora ndipo ku Botswana amati phane.

Kusankha kumeneku ndi kumene kudaonetsa nzeru zake. Mbozi ya cecropia ikakhwima imaluka chikwa ndi kugona m'menemo nyengo yonse yozizira. Pa nthawi imeneyi thupi lake limakhala ngati mudzi wa pakati pa usiku: pafupifupi ntchito zonse zimaima, ndipo mapuloteni atsopano amene amapangidwa ndi ochepa kwambiri. Munthu akaibaya mabakiteriya ili m'tulo choncho, chimene chimadzuka ndi chitetezo chokha. Puloteni iliyonse yatsopano imene yaoneka m'magazi imadziulula yokha kuti yabwera chifukwa cha mdani, monga mmene nyumba imodzi yoyatsa nyali imaonekera patali mudzi wonse uli mu mdima. Kuwonjezera apo, mbozi imodzi yogona imapereka magazi okwana mililita imodzi kapena kuposa, ndipo zikwa zimasungika m'firiji kwa miyezi yambiri, kotero kuti kafukufuku sadikira nyengo.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 gulu la Boman, momwe munali Ingrid Faye ndi Torgny Rasmuson, lidasonyeza kuti patapita maola angapo mbozi itabayidwa, magazi ake amayamba kupha mabakiteriya, ndipo mphamvuyo imakwera kwa masiku angapo. Adasonyezanso kuti akaipatsa mankhwala oletsa selo kupanga mapuloteni, mphamvuyo siibwera. Izi zidatsimikiza kuti chidacho sichikhala chosungidwa kale, koma chimasulidwa mdani akafika. Malo osulirawo ndi chiwalo cha mafuta chimene mwa tizilombo chimagwira ntchito yofanana ndi ya chiwindi.

Mu 1976 Boman adasamukira ku yunivesite ya Stockholm, ndipo kupeta kuja adakuphunzira kwa Tiselius kudayamba. Kudatenga zaka. Mu 1980, Dan Hultmark, Håkan Steiner, Torgny Rasmuson ndi Boman adalengeza kuti apatula mapuloteni atatu opha mabakiteriya kuchokera m'magazi a mbozizo. Imodzi inali yodziwika kale: lysozyme, yomwe Alexander Fleming adaifotokoza mu 1922 ndipo imapezeka m'misozi ndi m'mamina a munthu. Ziwiri zinazo zinali zachilendo. Chaka chotsatira, mothandizidwa ndi Åke Engström ndi Hans Bennich a ku Uppsala, adasindikiza m'magazini ya Nature ndondomeko ya kapangidwe kake, ndipo adazitcha cecropin A ndi cecropin B potengera dzina la gulugufe uja.

Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda, ndipo mkanda uliwonse umatchedwa amino acid. Antibody imodzi ili ndi mikanda yoposa 1,000. Cecropin A ili ndi 37 yokha. Kuchepa kumeneku ndi kumene kudadabwitsa anthu, komanso ndi chifukwa chake idazemba ofufuza kwa zaka zambiri. M'lipoti lomwelo gululo lidayerekeza cecropin ndi melittin, kapuloteni ka mu ululu wa njuchi komwe kukula kwake n'kofananako. Melittin idaphulitsa mabakiteriya ndi maselo a munthu omwe. Cecropin idaphulitsa mabakiteriya n'kusiya maselo a munthu ali amoyo. Mu 1983 gululo lidawonjezera banja lina la mapuloteni okulirapo, limene lidatchedwa attacin.

Kodi kachingwe ka mikanda 37 kamapha bwanji bakiteriya? Khungu la bakiteriya lili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu wina, ndipo cecropin ili ndi ya mtundu wotsutsana nayo, choncho zimakokana monga maginito ndi msomali. Ikafika pa khungupo imadzipota ngati sipuling'i, mbali imodzi yokonda madzi, ina yokonda mafuta. Mbali ya mafutayo imalowerera m'khungu, ndipo timapuloteni tikachuluka khungu limabooka, zam'kati n'kutayika. Kunja kwa maselo a nyama kulibe mphamvu yokoka yofananayo, komanso khungu lake ndi lolimbitsidwa ndi mafuta a cholesterol amene mabakiteriya ambiri alibe.

Umboni wokoma wa mfundo imeneyi udachokera ku mgwirizano wa Boman ndi Bruce Merrifield wa pa Rockefeller, amene adalandira Nobel mu 1984 chifukwa chotulukira njira yolukira timapuloteni m'labotale, mkanda umodziumodzi. Mikanda ya amino acid ilipo ya maonekedwe awiri, monga dzanja lamanja ndi lamanzere, koma zamoyo zimagwiritsa ntchito pafupifupi mbali imodzi yokha. Akatswiriwa adaluka cecropin yonse ndi mikanda ya mbali inayo. Ikadakhala kuti imagwira ntchito polowa m'malo oikonzera, monga kiyi m'loko, yotembenuzidwayo ikadalephera, pakuti nsapato ya kumanzere siilowa phazi la kumanja. Koma mu 1990 adalengeza kuti yotembenuzidwayo imapha mabakiteriya chimodzimodzi. Cecropin siifuna khomo, imaboola chipupa.

Kodi ndi nkhani ya tizilombo tokha?

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ena adali atalowa m'munda umene Boman adaswa mphanje. Ku Japan, Shunji Natori adapeza sarcotoxin mwa ntchentche zoikira pa nyama. Ku Strasbourg m'dziko la France, gulu la Jules Hoffmann lidapeza diptericin mu 1988. Mu 1989 apidaecin idapezeka mwa njuchi. Ku Los Angeles, Robert Lehrer ndi anzake adali atafotokoza kale timapuloteni totchedwa defensin m'maselo oyera a magazi a akalulu ndi a anthu, ndipo mu 1987 Michael Zasloff adapeza magainin pa khungu la Xenopus laevis, chule wa m'madzi amene kwawo ndi m'maiwe ndi m'madambo a kummwera kwa Africa kuno.

Komabe akatswiri ambiri a chitetezo cha m'thupi ankaona zonsezi ngati zokometsera chabe, zoyenera anthu okonda agulugufe ndi achule. Boman sadatope kutsutsa maganizo amenewa m'zolemba zake, ndipo mfundo imene ankaibwereza inali ya liwiro. Bakiteriya akapeza malo abwino amadzigawa pawiri mphindi 20 zilizonse. Pa liwiro lotere, mmodzi angasanduke biliyoni m'maola 10. Ma antibody olimbana ndi mdani watsopano amatenga pafupifupi sabata kuti achuluke. Pakati pa maola ndi sabata pali mpata waukulu, ndipo nyama imene ilibe chotsekera mpatawo siingakhale moyo kudikira ma antibody. Timapuloteni tating'ono timapangidwa msanga, sitidya mphamvu zambiri za thupi, ndipo timafalikira mofulumira. Kwa Boman, chimene ena ankachiona ngati chitetezo cha zamoyo zotsalira chinali maziko amene chitetezo china chonse chidamangidwapo.

Kuti atsimikize, adafunikira kupeza timapuloteni totere mwa nyama zoyamwitsa. Pa Karolinska Institutet mumzinda wa Stockholm panali Viktor Mutt, katswiri amene kwa zaka zambiri ankasonkhanitsa matumbo a nkhumba ochuluka zedi pofufuza mahomoni a m'mimba. Boman adapempha kupeta nawo zotsalira za ntchitoyo. Mu 1989 adalengeza kuti apeza kapuloteni kofanana ndi cecropin, ndipo adakatcha cecropin P1. Mu 1991 adapeza kena, PR-39. Njira ya PR-39 ndi imene idatsogolera Birgitta Agerberth, Gudmundur Gudmundsson ndi Boman ku jini ya munthu, yomwe adaifotokoza mu 1995. Kapuloteni kochokera ku jini imeneyi kamadziwika lero ndi dzina loti LL-37. Nako kali ndi mikanda 37, ndipo kamapezeka m'maselo oyera a magazi, pa khungu, m'malovu ndi m'njira ya mpweya.

Nkhani ya cecropin P1 idatha mosiyana. Jini yake idasakidwa mwa nkhumba koma siidapezeke. Yankho lidabwera mu 2003, ndipo adalibweretsa ndi Boman mwini, pamodzi ndi Mats Andersson ndi mkazi wake Anita Boman, amene adagwira naye ntchito m'labotale kwa zaka zambiri. Kapuloteniko sikanali ka nkhumba ayi. Kanali ka njoka za m'mimba zotchedwa Ascaris, zimene zidalowa m'mphika pamodzi ndi matumbo aja. Munthu wa zaka pafupifupi 80, amene mbiri yake inali itakhazikika kale, adasindikiza yekha umboni wogwetsa zimene adalengeza zaka 14 m'mbuyomo. M'sayansi zotere zimayembekezeka kwa aliyense, koma sikawirikawiri kuona mwini nkhani akutsogolera yekha.

Atapuma pa ntchito ya upulofesa, Boman adasamukira ku Karolinska kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kumeneko adafunsa funso limene dokotala angafunse: munthu akasowa timapuloteni timeneti, chimachitika n'chiyani? Kumpoto kwa Sweden kuli matenda obadwa nawo amene dokotala wa ana Rolf Kostmann adawafotokoza m'zaka za m'ma 1950. Ana obadwa nawo amasowa maselo oyera otchedwa neutrophil, ndipo kale ankamwalira ali makanda. Mankhwala atsopano adathandiza kuti thupi lawo lizipanga maselowo okwanira, koma odwalawo ankavutikabe ndi matenda obwerezabwereza, makamaka chiseyeye choopsa. Mu 2002 Katrin Pütsep, Göran Carlsson, Boman ndi Mats Andersson adalemba m'magazini ya The Lancet kuti maselo ndi malovu a odwalawa zinalibe LL-37. Wodwala amene adaikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina anali nayo pafupifupi yokwanira, ndipo nkhama zake zinali bwino. Odwala amene adayezedwa anali ochepa, poti matendawa ndi osowa, koma zotsatirazo zidagwirizanitsa kusowa kwa kapuloteni kotere ndi matenda a munthu.

Belu lodzutsa chitetezo

Funso lina lidatsala kuyambira 1972: n'chiyani chimauza thupi la ntchentche kuti mdani walowa? Anzake a Boman adachitapo mbali yaikulu. Ingrid Faye, Ylva Engström ndi Dan Hultmark, aliyense ndi gulu lake, adasonyeza kuti majini a timapuloteniti amayatsidwa ndi masiwichi ofanana kwambiri ndi amene amayatsa majini a chitetezo mwa munthu. Mu 1996 Bruno Lemaitre, Jules Hoffmann ndi anzawo ku Strasbourg adasonyeza kuti ntchentche yokhala ndi jini yowonongeka yotchedwa Toll imalephera kupanga kapuloteni ka drosomycin, ndipo imafa itakutidwa ndi chuku. Mu 1997 Ruslan Medzhitov ndi Charles Janeway adafotokoza mnzake wa Toll mwa munthu, ndipo mu 1998 Bruce Beutler adasonyeza kuti ndi iye amene amazindikira khungu la mabakiteriya ena mwa mbewa. Belu la ntchentche ndi la munthu adapezeka kuti ndi apachibale.

Mphotho ya Nobel ya zamankhwala ya 2011 idapita kwa Hoffmann ndi Beutler chifukwa cha zimenezi, pamodzi ndi Ralph Steinman pa ntchito ina. Boman adali atagona m'manda pafupifupi zaka zitatu, ndipo malamulo a mphothoyi salola kusankha munthu amene adamwalira kale. Koma aliyense wowerenga malipoti a ku Strasbourg aona kuti chimene ankayeza, pofuna kudziwa ngati belu lalira, ndi timapuloteni ta mtundu umene Boman adayamba kugwira. Mu 2009 magazini ya The Journal of Immunology idasindikizanso lipoti lija la 1981 pakati pa malipoti amene imawatenga ngati mizati ya maphunzirowa.

Zimene zikukhudza dera lathu

Kwa anthu a kuno, ntchito ya Boman imafika kudzera mwa tizilombo tiwiri todziwika bwino. Koyamba ndi kashembe, amene amafalitsa matenda a kaodzera kwa anthu ndi a nagana kwa ng'ombe m'madera monga chigwa cha Luangwa ku Zambia komanso kufupi ndi nkhalango za Vwaza ndi Nkhotakota ku Malawi. Akashembe ambiri amene amayamwa magazi okhala ndi majeremusi a matendawa amawagonjetsa m'mimba mwawo, ndipo ndi ochepa okha amene amasanduka ofalitsa. Gulu la Serap Aksoy la pa yunivesite ya Yale ku America lidasonyeza mu 2006 kuti likazimitsa jini ya attacin mwa kashembe wa mtundu wa Glossina morsitans, majeremusiwo amakhazikika mosavuta. Ndiye kuti puloteni ya banja lija lidapezeka mwa gulugufe mu 1983 ndi imodzi mwa zinthu zimene zimachepetsa kufala kwa kaodzera.

Kachiwiri ndi udzudzu. Kuyambira mu 1989 zidadziwika kuti cecropin ikabayidwa mwa udzudzu imasokoneza kukula kwa majeremusi a malungo. Mu 2004 akatswiri adasintha majini a udzudzu wa Anopheles gambiae kuti uzipanga cecropin yambiri ukangoyamwa magazi, ndipo majeremusi okula m'mimba mwake adachepa ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Kuyesaku kudachitika m'labotale, ndi malungo a makoswe osati a anthu, ndipo kuchepetsa si kuthetsa. Koma maganizo olimbitsa chitetezo cha udzudzu weniweniwo kuti usafalitse matenda akufufuzidwabe.

Chiyembekezo chachikulu chinali chakuti timapuloteniti tidzakhala maantibayotiki atsopano, ndipo kufunika kwake sikukayikitsa. Kafukufuku wosindikizidwa mu The Lancet mu 2022 adawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha mabakiteriya opima ku mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa zidachuluka kwambiri mu Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara. Pa mbali imeneyi zotsatira zakhala zogwetsa ulesi. Mafuta opaka otchedwa pexiganan, ochokera ku magainin wa chule uja ndipo opangidwira zilonda za kumapazi za odwala matenda a shuga, adakanidwa ndi bungwe loona za mankhwala la ku America mu 1999, ndipo atayesedwanso mu 2016 sadaonetse phindu lokwanira. Mpaka lero palibe mankhwala ochokera ku cecropin amene dokotala angalembere wodwala. Zifukwa zake n'zodziwika: thupi limagaya timapuloteni msanga, kutipanga n'kokwera mtengo, ndipo tikachuluka m'magazi tingavulaze. Ngakhale chikhulupiriro chakuti mabakiteriya sangatipime chidagwedezeka mu 2006, pamene kuyesa kwa m'labotale kudasonyeza kuti pakapita mibadwo mazana angapo amatha kutero.

Pamene ntchentche yafika kale m'chipatala ndi pa zilonda zokana kupola. William Baer, dokotala wa mafupa wa ku Baltimore, adaona pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuti zilonda za asilikali zogwa mphutsi zinali zoyera modabwitsa, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 adayamba kuchiza ndi mphutsi ana odwala mafupa. Njirayi idasiyidwa penicillin atabwera, kenaka idabwereranso, ndipo dziko la America lidaivomereza mwalamulo mu 2004. Mu 2010 akatswiri a ku Prague adapatula kapuloteni kopha mabakiteriya kotchedwa lucifensin kuchokera ku mphutsi za ntchentche yobiriwira, Lucilia sericata. Tichenjezane pano: mphutsi za kuchipatala ndi za mtundu wosankhidwa umene umadya mnofu wakufa wokha, ndipo zimaswedwa m'malo opanda majeremusi. Ntchentche ya kudzala ikatera pa chilonda imabweretsa matenda, ndipo mitundu ina mphutsi zake zimadya mnofu wamoyo.

Umboni umene Boman akadaukonda kwambiri udabwera patatha zaka zoposa 10 iye atamwalira. M'nthawi yake kunalibe njira yophweka yochotsera majini ang'onoang'ono ambiri nthawi imodzi, choncho otsutsa ankatha kunena kuti kupha mabakiteriya m'mbale ya m'labotale si umboni wakuti timapuloteniti ndi timene timapulumutsa ntchentche yamoyo. Mu 2019 Mark Hanson ndi Bruno Lemaitre, akugwira ntchito ku Lausanne m'dziko la Switzerland, adagwiritsa ntchito njira yodulira majini yotchedwa CRISPR kuchotsa majini 10 a timapuloteni totere mwa Drosophila. Tintchentcheto tidakula bwinobwino, koma titabayidwa mabakiteriya a mitundu ina tidafa msanga. Adapezanso chinthu chimene chidakonza pang'ono chithunzi cha 1972: ngakhale chitetezo chonse pamodzi sichisankha nkhope, nthawi zina kapuloteni kamodzi kokha ndi kamene kamaimitsa bakiteriya wa mtundu umodzi. Diptericin ndi imene imaletsa bakiteriya wotchedwa Providencia rettgeri, ndipo ntchentche yopanda kapuloteni ka drosocin imagonja kwa Enterobacter cloacae, mtundu womwe uja Boman ankautenga kuti ndi wosaopsa pobaya tintchentche take toyamba ku Umeå.